Gasi amene ankanditsatira ku City Deep

Popeza alamu anga ayamba kale kufalitsa nkhaniyi ku Rosettenville konse, dera lina la mzinda wa Johannesburg, ndipo akuithira mchere wambiri, ndi bwino muimve kwa mwiniwake.

Kachipangizo koyezera mpweya wa carbon dioxide kamene abwana anandituma kukayesa m'chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo katundu n'kochepa ngati bokosi la machesi. M'kati mwake muli ka LED kotulutsa kuwala kwa infrared, kumene maso sakuona, ndipo kutsogolo kwake kuli ka photodiode kolandira kuwalako. Mpweya wa carbon dioxide umameza kuwala kwa infrared kwa mafunde otalika mamaikromita 4.26, choncho ukachuluka pakati pa tiwiriti, kuwala kofika kumachepa ndipo nambala imakwera. Panja pamakhala 420 ppm (magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) kapena kupitirira pang'ono.

Manambala ake ndi ang'onoang'ono, ndipo magalasi anga anali atatsala m'takisi, motero ndinakayandikitsa pamphuno. Kanaonetsa 900. Podziwa kuti mpweyawu ndi wolemera ndipo umakonda kudikha m'zipinda zapansi, ndinakayandikitsanso kuti nditsimikize, ndipo kanafika pa 3,000. Mtima unagunda, ndinayamba kupuma mwawefuwefu, kenako belu lake linalira.

Ndinathawira pakona, gasiyo anandipeza. Ndinabisala kuseri kwa makatoni, anali atafika kale. Pamasitepe, pamene befu anandigwira kwambiri, nambala inakwera mpaka pothera, ndipo ndinatsimikiza kuti gasiyo akukwera limodzi nane, sitepe ndi sitepe, mwaulemu, osandipitirira. Ndinakuwa m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa, ngakhale Chizulu changa chopunduka. Anyamata onyamula katundu anataya matumba, ndipo mayi wogulitsa magwinya (mandasi a ku South Africa) pageti anathawa ndi chipande m'manja. Pamsewu belu linkalirabe, motero ndinalengeza kuti Johannesburg yense wadzaza gasi.

Mlonda wina wachikulire wa ku Dedza, amene sanadzuke n'komwe pampando, ndiye anati, “Achimwene, tachotsani kanthuko pakamwa, mutambasule dzanja.” Ndinatambasula, ndipo nambala inatsika pang'onopang'ono anthu onse akuonerera.

Mpweya umene munthu amatulutsa uli ndi carbon dioxide wokwana pafupifupi 40,000 ppm, ndipo munthu wothamanga amautulutsa kawirikawiri. Choncho amene mukuseka dziwani kuti kachipangizoko kanagwira ntchito bwino lomwe, ndipo ndinatumidwa kukatsimikiza zimenezo basi. Magwinya amene anapserera ndinalipira, ngakhale mtengo wake ndikuukayikirabe.