Zaka 10 tikuyeza mpweya ndi petulo: mbiri ya galaja yathu

Mwezi uno galaja yathu yakwanitsa zaka 10. Ena a inu mukukumbukira pomwe tinayambira mu 2015, pansi pa mtengo wa mango ku Chirimba, tili ndi bokosi limodzi la masipanala, jeke yobwereka ndi chilona chong'ambika choyala pansi. Lero tili ndi shedi yolowa magalimoto 4, anyamata 5 ndi mtsikana mmodzi yemwe pa nkhani ya mawaya amatiposa tonse. Ndati ndilembe mbiriyi chifukwa makasitomala atsopano amadabwa ndikawakanira kantchito komwe ena amakachita m'mphindi 5, kopanikiza mafuta, kutanthauza kuchepetsa petulo wolowa mu injini kuti galimoto isamamwe kwambiri. Amachoka akuyesa ndine wamatama. Mukamva zomwe zinandionekera mu 2016 mudziweruzire nokha.

Umakaniko ndinauphunzira kwa malume anga ku Ndirande. Iwo kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ankaitchuna ndi khutu. Ankatembenuza kasikuluwu pang'onopang'ono akumvetsera kulira kwa injini, kenako n'kumasula pulagi n'kuiyang'ana pa dzuwa. "Mphwanga, ikada ngati mwaye ndiye kuti petulo wachuluka. Ikayera ngati choko, injini ikufa ndi ludzu. Ifanane ndi tiyi wamkaka." Mpaka lero mawu amenewo ndi oona, ndipo ndimawaphunzitsa anyamata anga. Koma pulagi imakuuza zomwe zachitika kale. Siikuuza zomwe zikuchitika pomwe galimoto ili pamtunda, yadzaza anthu, dalaiva waponda mpaka pansi.

Mu Okutobala 2016 kunabwera bambo wina wa minibasi ya Hiace yakale ija ya kabuleta, yoyenda pakati pa Blantyre ndi Nchalo. Dandaulo lawo linali lomwe aliyense amabwera nalo: ikumwa kwambiri. "Achimwene, ipanikizeni, dalaiva akundibweretsera zochepa." Ine pofuna kutchuka ndinaika jeti yaying'ono (kabowo kodutsa petulo mu kabuleta), n'kutsitsanso foloti kuti petulo azilowa wochepa. Tinaiyesa m'mawa kukuzizira, yopanda katundu, mumsewu wa Zalewa, ndipo inkayenda bwinobwino. Sabata yoyamba bambowo anandiimbira foni kundiyamika, anandibweretsera ndi nkhuku. Sabata yachitatu foni inalira cha m'ma 2 koloko masana. Minibasi yaima pa zitunda za Chikwawa, kumtunda kwa Thabwa, utsi uli tolotolo, anthu atsika ndi akatundu awo padzuwa lija la kuchigwa. Titatsegula injini tinapeza pisitoni yachitatu yabooka pakati, bowo loti chala changa chachikulu chinalowa. Mavavu awiri anali atapsa m'mbali.

Bambo aja sananditukwane, ndipo mwina bwenzi zili bwino akanatero. Anangoti, "Ana anga adya chiyani?" Ndinalonjeza kuwagulira injini ina. Ndinapita ku banki ina m'tauni muno ndi kabuku kanga ka makasitomala, anandiyendetsa milungu itatu, pomaliza akuti ndibweretse mapepala a nyumba ngati chikole, munthu wochita lendi. Banki yomweyo lero imanditumizira mauthenga pafoni kuti ndikatenge ngongole. Zikomo, mwachedwa. Ndinathera kwa wakatapila, ndinatenga K400,000 n'kubweza K600,000 mwezi usanathe bwino, ndipo kuti ndikwanitse ndinagulitsa njinga yamoto yomwe ndinkayendera, mayi a ana nawo anagulitsa makina awo osokera.

Chomwe chinandisowetsa tulo kuposa ngongoleyo chinali funso loti ndinalakwitsa pati, poti pulagi inkaoneka bwino tsiku lomwe tinaiyesa. Yankho ndinalipeza kwa mphunzitsi wina wopuma wa sukulu ya ntchito zamanja, yemwe anandikhazika pansi ndi pensulo. Kuti petulo apse yense, galamu imodzi imafuna magalamu 14.7 a mpweya. Lita imodzi ya petulo imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Galimoto ikamayenda mofatsa pamsewu wosalala, muyezo wa 14.7 ndi wabwino, ndipo injini zina zimapirira ngakhale 15 kapena kupitirira pang'ono. Koma ikamakwera phiri kapena ikamapitirira thiraki, imafuna petulo wochulukirapo, muyezo utsike kufika pa 12.5 kapena 13. Petulo wowonjezerayo sikuti akutayika. Ndi amene amapereka mphamvu yonse, komanso amaziziritsa m'kati mwa silinda. Mukamumana, moto umatentha mopitirira, injini imayamba kugogoda ngati mwaponya timiyala m'chitini, ndipo aluminiyamu ya pisitoni imasungunuka.

Panalinso zina ziwiri zomwe sindinaziganizire. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Nchalo safika n'komwe mamita 100. Kumunsi kuja mpweya ndi wothinana, injini imakoka wochuluka, koma kabuleta sadziwa zimenezo, jeti yake ndi yomweyo. Choncho galimoto yomwe ndinaipanikiza kale kumtunda kuno inkakauma kwambiri ikatsika, kuphatikizapo kutentha kwa Okutobala. Chachiwiri ndi petulo wathuyu. Kuyambira mu 1982 dziko lino limasakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ethanol payekha amafuna magalamu 9 okha a mpweya, ndiye petulo wosakaniza amayenera kulowa wochulukirapo pang'ono kusiyana ndi zomwe zinalembedwa m'buku la ku Japan. Ethanol sanalakwe kanthu. Wolakwa anali makaniko wochepetsa jeti asakudziwa chomwe chili mu thanki.

Mu 2017 msuweni wanga woyendetsa thiraki anandibweretsera geji ya wideband, yoyeza muyezo wa mpweya ndi petulo, kuchokera ku Johannesburg, yomwe ndinailipira pang'onopang'ono miyezi 5. Timalowetsa sensa yake mu egizozi, geji timaika pa dashibodi, n'kuyenda ndi galimoto pamsewu weniweni, tikuwerenga nambala ikamaima, ikamathamanga ndi ikamakwera. Tsiku loyamba malume anaiyang'ana mokayika. Tinayesa Corolla yomwe anali atangoitchuna okha ndi khutu, ndipo itaima geji inawerenga 14.5. Anaseka mpaka kutsokomola. Titaikweza chitunda cha ku Soche inawerenga 15.8, kuseka kunatha. Kuyambira tsiku limenelo ankatumiza magalimoto awo kwa ine kuti ndiwayeze asanawapereke kwa eni ake, ndipo palibe satifiketi yomwe ingandinyaditse kuposa pamenepo.

Masiku ano magalimoto a kabuleta atsala ochepa. Odzaza pabwalo pathu ndi ma Sienta, ma Probox, ma Vitz, ma Mira ndi ma Freed, omwe muyezo amawongola okha ndi kompyuta. Anthu amaganiza kuti pamenepo palibenso chotchuna, koma kompyuta imakhulupirira zomwe masensa akuiuza, ndipo sensa ikanama nayo imanama. Tikalumikiza makina athu timayang'ana fuel trim, kuchuluka kwa petulo yemwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa. Ikapitirira 10 peresenti timadziwa kuti pali chinachake. Makinawo akaonetsa nambala ya vuto ya P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka, kawirikawiri paipi ya labala yang'ambika, sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa yadzaza fumbi, kapena pampu ya petulo yatopa. P0172 ndiye kuti petulo wachuluka. Ndipo chomwe timachipeza sabata iliyonse ndi galimoto yochotsedwa thermostat, kachitsulo kotsekera madzi mpaka injini itatentha. Wina anauza mwini wake kuti kuno n'kotentha, chimenecho n'cha ku Japan kozizira. Injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imayesa kudakali m'mawa, imangothira petulo. Mwini wake akudandaula mafuta, oilo akununkha petulo, masilinda akupalika. Tikabwezeretsa kachitsulo kameneko, ena amabwerera kudzafunsa ngati tawaikira mankhwala.

Za omwe amamata tepi yakuda pa nyali ya check engine, yochenjeza za vuto la injini, kapena kuzula babu lake asanagulitse galimoto, ndisanene zambiri. Mukafuna kugula galimoto, tsegulani kiyi osaliza injini, muone ngati nyaliyo ikuyaka.

Mizere ya mafuta ya 2022 ndi 2023 inatibweretsera ntchito yambiri komanso mayesero. Aliyense ankafuna kupanikiza, ndipo ambiri ankathira petulo wa m'zigubu yemwe sudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inalumpha usiku umodzi. Nthawi yomweyo sitolo ina ku Limbe inatigulitsa masensa a oxygen 6, oyeza utsi mu egizozi, m'mabokosi okongola, a zilembo zonse. Magalimoto onse 6 anabwerera mwezi usanathe. Tinagula ena enieni ndi ndalama zathu n'kuwaikira makasitomala ulere. Titabwerera ku sitoloko anatiloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bwana wa sitoloyo, ngati mukuwerenga, masensa anu tinawakhomera pakhoma, timaphunzitsira anyamata kuzindikira zachinyengo.

Tsopano ndithokoze. Mulungu poyamba, yemwe anasunga anthu aja pa zitunda za Chikwawa, chifukwa minibasi yozima pamtunda ikanatha kubwerera chambuyo. Mayi a ana, omwe anapereka makina awo osandifunsa kawiri. Ndinawagulira ena mu 2019, koma ngongole ya mtima sindinabweze. Malume, omwe anatisiya mu 2021, masipanala awo ndi omwe ndimagwiritsabe ntchito. Aphunzitsi aja a pensulo, omwe amakana kulipidwa kalikonse ndipo ifenso timakana ndalama zawo akabwera ndi kagalimoto kawo. Msuweni wanga wa thiraki. Amayi a banki mkhonde a kumpingo kwathu, omwe anatikongoza ndalama ya malata a shedi popanda kufunsa mapepala a nyumba. Agogo eni malo ano, omwe anatipirira miyezi itatu ya lendi nthawi ya Covid. Anyamata anga ndi mlongo wathu wa mawaya, omwe namondwe Freddy atadzaza matope mu shedi mu Malichi 2023 anabwera ndi mafosholo osaitanidwa. Madalaiva a mataxi a Sienta omwe amatumizana kuno. Mayi wogulitsa mandasi pageti, yemwe amadziwa kasitomala aliyense ndi nambala ya galimoto yake. Ndipo bambo a minibasi aja: anabwereranso mu 2018, pano ali ndi minibasi zitatu, zonse timazisamalira ife.

Pokondwerera zaka 10, mwezi wonse uno kuyeza ndi kwaulere. Tilumikiza makina, tiwerenga fuel trim, tiyang'ana mapulagi, filita ya mpweya ndi thermostat, kenako tikwera nanu chitunda geji ili pa dashibodi kuti nambala muzione ndi maso anu. Tiyang'ananso ngati egizozi ikudontha utsi pansi pa mipando, chifukwa injini yochuluka petulo imatulutsa carbon monoxide wambiri, mpweya wosanunkha womwe umagonetsa dalaiva pa chiwongolero. Mudzalipira zokonza zokha, ndipo mtengo tikuuzani tisanagwire sipanala. Chilichonse chomwe tachotsa timakupatsani m'manja. A minibasi ndi a mataxi, tiuzeni msewu womwe mumayenda, kaya ndi wa Nsanje, wa Mwanza kapena wa Mulanje, chifukwa timatchuna molingana ndi komwe galimoto imagwira ntchito. Timatsegula 7 koloko m'mawa Lolemba mpaka Loweruka. Bwerani ndi mafuta osachepera kota thanki, injini itatentha kale.