Thambo la Mars: pomwe ndafika ndi zithunzi za kulowa kwa dzuwa

Ntchito yomwe ndinadzipatsa yokonza zithunzi za thambo la Mars ikuyenda, ndipo gawo la kulowa kwa dzuwa latsala pang'ono kutha. Kwa inu amene mukuzimva koyamba, bungwe la NASA, lofufuza zam'mlengalenga la ku America, limaika poyera zithunzi zomwe zombo zake zimatumiza kuchokera ku Mars, ndipo aliyense akhoza kuzitenga ulere. Ambiri amathamangira miyala, mapiri ndi mchenga. Ine maso anga ali kumtunda kwa chithunzi, mbali yomwe anthu amakonda kudula n'kutaya poganiza kuti kulibe kanthu. Ndikufuna kukhala ndi mndandanda wa thambo monga momwe zombo zosiyanasiyana zinalionera, kuyambira Viking 1 ya 1976 mpaka InSight, chithunzi chilichonse nditachikonza ndekha kuchokera ku mafayilo osakonza.

Masiku apitawa ndakhala pa InSight. Chombochi chinatera ku Elysium Planitia pa 26 November 2018, ndipo chinalibe mateyala, chinangokhazikika pamalo amodzi n'kumamvetsera zivomezi mpaka mphamvu zake zinatha mu December 2022. Kujambula thambo sinali ntchito yake. Kamera ina inali pa mkono wa chombocho, yoti iziona pomwe zida zikuikidwa pansi, ina inali kunsi kwa thupi lake. Koma pa 24 ndi 25 April 2019 oyendetsa chombocho anatembenuza mkonowo n'kujambula dzuwa likutuluka cha m'ma 5:30 m'mawa, ndiponso likulowa cha m'ma 6:30 madzulo, pa nthawi ya ku Mars.

Mukatsegula chithunzi cha madzulocho, chinthu choyamba kukugwirani mtima ndi kuchepa kwa dzuwa. Mars ili kutali ndi dzuwa kuposa ife, choncho dzuwa limaoneka ngati magawo awiri mwa atatu a kukula komwe tinazolowera. Kadontho kowala kali pamwamba pa chigwa chakuda bii, chopanda mtengo kapena phiri, ndipo mozungulira kadonthoko muli kuwala kotuwa kopita ku buluu. Ndinachikuza kwambiri pa sikirini mpaka mapikiselo anayamba kuoneka limodzilimodzi, ndipo ndinatsatira mtunduwo kuchoka pa dzuwa kupita m'mbali. Buluu uja amazilala pang'onopang'ono, kenaka kutuwa, kenaka bulawuni wosaoneka bwino, kenaka mdima. Palibe malire pena paliponse. Kusintha kofatsa kumeneku n'komwe ndikuyesetsa kuteteza, chifukwa ukangowonjezera kuwala mopitirira muyeso kamodzi kokha, thambo lonse limasweka n'kukhala mizeremizere.

Pali batani limodzi lomwe ndatsimikiza kuti sindidzalikhudza pa ntchito yonseyi, loti pulogalamu ikonze yokha mitundu. Ndimagwiritsa ntchito GIMP, koma mapulogalamu onse ali nalo. Batanili limafufuza malo owala kwambiri pachithunzi n'kuwayesa oyera, ndipo pachithunzi cha masana cha ku Mars zotsatira zake n'zakuti thambo lachikasu chofiirira lija limayera, mwinanso kusanduka buluu. Chithunzicho chimakongola ndithu, wina akachiona amati ndi chipululu cha pano padziko. Komatu chimakhala chasiya kunena zoona za Mars.

Chiyeso chimenechi n'chakale. Viking 1 itatera ku Chryse Planitia pa 20 July 1976, chithunzi choyamba chamitundu chomwe chinaperekedwa kwa atolankhani chinaonetsa thambo la buluu wotuwa, ndipo anthu sanadabwe chifukwa ndi thambo lomwe aliyense amalidziwa. Pasanapite nthawi akatswiri anawerengeranso bwino mphamvu ya mtundu uliwonse n'kutulutsa china chokhala ndi thambo lofiirira ngati pinki. Ndimaikumbukira nkhaniyi nthawi zonse dzanja likamayabwa kuti ndikankhire mtundu ku buluu. Diso la munthu limafuna kwawo, ndipo limakunyengerera mwaulemu kwambiri moti sumazindikira.

Gwero la zonsezi ndi fumbi. Mpweya wa ku Mars ndi wochepa zedi, kupanikiza kwake sikufika ngakhale 1 peresenti ya kwa pano padziko, ndipo pafupifupi 95 peresenti yake ndi carbon dioxide. Mpweya wochepa chotere pawokha sungapake thambo mtundu wowala. Chomwe chimagwira ntchitoyo ndi fumbi losalala ngati utsi, lomwe limakhala likuyandama nthawi zonse ndipo lili ndi dzimbiri la chitsulo. Masana fumbili limameza kuwala kwa buluu n'kumwaza kofiira mbali zonse, ndiye thambo limaoneka lachikasu chofiirira. Koma kukula kwa tinthu ta fumbito kumachititsanso kuti kuwala kwa buluu komwe kwapulumuka kusapatuke kwambiri, kumangopitirira chakutsogolo pafupi ndi njira ya dzuwa. Madzulo kuwala kumadutsa m'fumbi lambiri kusanafike pa kamera, kofiira kumamwazikira kutali m'thambo, ndipo pafupi ndi dzuwa pamatsala buluu. Kwathu kuno masana ndi a buluu, madzulo ndi ofiira. Ku Mars zinatembenuzika, ndipo chondisangalatsa n'chakuti fumbi limodzi lomwelo ndilo limapanga mitundu yonse iwiri.

Ndikamvetsa zimenezi, ndimadziwa chomwe ndiyenera kuyembekezera pa sikirini. Buluu azikhala pafupi ndi dzuwa basi. Ngati wafalikira thambo lonse, ndiye kuti ndine ndamuika.

Chithunzi chomwe chandidyera nthawi yambiri ndi cha Viking 1 cha pa 20 August 1976. Kamera za Viking sizinkajambula kamodzi n'kamodzi ngati zamakono. Kagalasi kankayenda chokwera ndi chotsika kuwerenga mzere umodzi woima, kamera n'kutembenuka pang'ono, n'kuwerenganso mzere wina. Pa chithunzi chimenechi kamera inayamba kumanzere patapita mphindi ngati 4 dzuwa litabisala, ndipo inatenga mphindi 10 kuti ifike kumanja. Tanthauzo lake n'lakuti mbali ya kumanzere ndi ya kumanja si za nthawi imodzi. Pomwe kamera imafika kumapeto, kunja kunali kutada kuposa pomwe imayamba. Mukachiyang'ana mukudziwa zimenezi, mumakhala mukuona madzulo akuyenda mkati mwa chithunzi chimodzi.

Chithunzichi chili ndi mizere yozungulira malo omwe dzuwa lalowera, yooneka ngati masitepe a kuwala. Mizereyo siili m'thambo la Mars. Kamerayo inkasiyanitsa milingo 64 yokha ya kuwala, ndiye pomwe thambo limasintha mofatsa, iyo inkadumpha kuchoka pa mlingo wina kupita pa wina. Ndinayesa kuisalaza, ndipo zinatheka bwino lomwe, thambo linatuluka losalala mochititsa kaso. Nditaika ziwirizo pambalipambali, ndasankha kusunga cha mizere ngati chenicheni cha mndandanda wanga, chosalazacho chikhale chongoonjezera. Mizere ija ndi umboni wa chida chomwe chinajambula, ndipo anthu omwe anapanga kamera yotero n'kuifikitsa ku Mars mu 1976 ayenera kuoneka m'chithunzi chawo. Ena mwa inu mudzatsutsa, mudzati cholinga ndi kuona thambo osati kamera. Ndikumva, koma apa ndaima pomwepa.

Ngakhale ndinayamba ndi zombo zokhazikika, maloboti oyenda sindingawasiye, chifukwa chithunzi chotchuka kwambiri cha kulowa kwa dzuwa chinajambulidwa ndi Spirit ku Gusev pa 19 May 2005. Kamera yake ya Pancam inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, kudzera m'mafyuluta osiyanasiyana, ndipo mtundu umabwera ukaphatikiza zithunzi zitatu. Pa tsikulo anagwiritsa ntchito mafyuluta a mananomita 750, 530 ndi 430, manambala osonyeza mtundu wa kuwala komwe fyuluta iliyonse imalola kudutsa. Woyambayo ali kumapeto kwenikweni kwa kufiira komwe diso limatha kuona, wachitatuyo akupita ku pepo, n'chifukwa chake NASA yomwe inanena kuti mitundu ya chithunzicho ndi yokokomeza pang'ono. Kwa amene mukufuna kuyesa, chenjerani ndi mafayilo a JPEG osakonza. Chithunzi cha fyuluta iliyonse chinakokedwa pachokha kuti chioneke bwino, choncho mukaziphatikiza momwe zilili, mtundu wofooka umakwezedwa kufanana ndi wamphamvu, ndipo thambo limatuluka lachilendo. Mafayilo oyezedwa bwino ali mu Planetary Data System, nkhokwe ya NASA ya pa intaneti. Ndi ovuta kutsegula poyamba, koma ndi okhawo omwe amasunga kusiyana kwenikweni kwa mitundu itatuyo. Pa Spirit ndi loboti inzake Opportunity panalinso kachida koyezera mitundu, kokhala ndi timadontho ta mitundu yodziwika ndi kamtengo koponya mthunzi pakati, ndipo ndimakayang'ana kuti ndione ngati zomwe ndapanga zili m'njira.

Zithunzi za loboti ya Curiosity za pa 15 April 2015 m'chigwa cha Gale sizinandivute, poti kamera yake ya Mastcam imajambula mitundu yonse nthawi imodzi, ndipo buluu wake ndi woonekeratu. Za Pathfinder ya 1997 ndangozisonkhanitsa, sindinazigwire. Phoenix ndaiika padera, chifukwa inatera kumpoto kwenikweni mu May 2008 chilimwe cha kumeneko chitatsala pang'ono kuyamba, pomwe dzuwa linkangotsika n'kukweranso osalowa.

Chinthu china chomwe ndayamba kuchikonda ndi chisisira. Ku Mars kuwala kumachedwa kuchoka dzuwa likalowa, nthawi zina mpaka maola awiri, chifukwa fumbi lomwe lili m'mwamba kwambiri limakhala likuwalidwabe ndi dzuwa pomwe pansi pada kale. Asayansi amayeza kuzilala kwa kuwalaku kuti adziwe kutalika komwe fumbi lafika, ndiye zithunzi zomwe ife timazikonda chifukwa cha kukongola, kwa iwo ndi muyeso. M'chisisira chotere ndi momwe Curiosity inajambula dziko lathu pa 31 January 2014, patapita mphindi ngati 80 dzuwa litalowa, kadontho kowala kokhala ndi mwezi pambali pake. Chimenecho chidzakhala ndi tsamba lakelake.

Gawo lotsatira ndi la mitambo, ndipo ndayamba kale kuyala mafayilo. Madzulo a pa 25 April 2019 kamera yakunsi ya InSight inajambula zithunzi zotsatizana za mitambo ikudutsa pamwamba pa chivundikiro cha chida choyezera zivomezi. Mitambo ya ku Mars ndi yopyapyala, yambiri ndi ya madzi oundana, ndipo pachithunzi chimodzi imavuta kuiona. Njira yomwe ndikuyesa ndi yophatikiza zithunzi zonse kuti ndipeze thambo lapakatikati, kenaka kulichotsa pa chithunzi chilichonse, kuti chotsala chikhale chokhacho chomwe chikuyenda. Pa zoyeserera zoyamba mitambo yatuluka, koma pamodzi ndi timadontho ta fumbi lomwe linamatirira pa galasi la kamerayo kuyambira tsiku lotera, ndipo ndikufunafuna njira yotibisa popanda kufufuta mitambo yomwe ikudutsa kumbuyo kwake. Ngati pali wina mwa inu anzanga amene anagwirapo zithunzi za kamera imeneyi, chonde ndiuzeni momwe munathanirana nato. Ndikamaliza mitambo ndidzatenga zithunzi za Opportunity za June 2018, zoonetsa dzuwa likuzimiririka tsiku ndi tsiku m'chimphepo cha fumbi chomwe chinathetsa ntchito ya lobotiyo, ndipo pamenepo vuto lidzakhala losiyana, lokonza chithunzi chomwe pafupifupi chonse ndi mdima popanda kuchiwalitsa kuposa momwe kunalili.