Chitsulo chadzimbiri ku Ndirande

Mtima sunakhazikikebe. Lero ku Ndirande kamnyamata kanabwera ndi chitsulo chadzimbiri kwa wogula zitsulo zakutha, akuti kanachitola kumudzi ku Mwanza, cha kumalire ndi Mozambique. Bambo wina wopuma usilikali atangochiona anakuwa kuti tonse titalikire. Linali bomba, abale! Apolisi anafika n'kutchinga malowo.

Chikundipweteka n'choti mwanayo amangofuna ya mandasi. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma dzimbiri silipha bomba. Onga umakhalabe m'katimo, kungolimenya ndi hamala basi maliro. Anzathuwo zinawatengera mpaka 2015 kuti amalize kuchotsa mabomba okwirira, mothandizidwa ndi a bungwe lochotsa mabomba la HALO Trust komanso makoswe onunkhiza mabomba a bungwe la APOPO.

Nanga inu ogula zitsulo, mumangoika chilichonse pasikelo osafunsa komwe chachokera?