Amene Anabisa Buku la Chimanga

Ndili chaka chomaliza ku yunivesite, kafukufuku wanga anali wa mbozi za fall armyworm, zija zinapululutsa minda mpaka boma kulengeza za tsoka m'maboma ambiri mu Disembala 2017. Aphunzitsi ondiyang'anira anati mutu wachiwiri asauonenso pa tebulo pawo ngati mulibe buku lina lalikulu la tizirombo ta chimanga.

Ndinayamba ndi Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakira mapepala a kafukufuku. Pepala lililonse looneka lothandiza linkafuna madola, ine m'thumba muli ya sopo yokha. Za AGORA, kumene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, imatsegulira maiko ngati lathu magazini a zaulimi kuyambira 2003, anatiphunzitsa tili chaka choyamba, koma tsiku limenelo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, maso ali pa foni. Ndiye ndinatsegula katalogi ya laibulale, ija ya pa kompyuta yotchedwa Koha. Buku linatulukira, nambala yake yoyamba ndi SB, shelefu ya za mbewu. Kope limodzi lokha. Pambali palembedwa kuti linabwerekedwa, ndipo tsiku lobweza linadutsa kalekale.

Ndinadina batani losungitsa malo kuti likangobwera likhale langa. Kompyuta inakana. Ndinayesanso, inakananso. Ndinati basi, netiweki ya pano ndi yomweyi.

Mkwiyo ndinakautulira pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu. Ndinalemba kuti pali anthu ena odzikonda, afiti a maphunziro, obisa mabuku kuti anzawo alephere. Anzanga anavomereza ndi moto. Wina anati munthu wotere ngofunika kumutchula dzina pa bolodi.

M'mawa mwake ndinalawirira ku laibulale, anzanga awiri ali pambuyo ngati mboni.

"Madamu, tiuzeni dzina la amene akusunga bukuli. Ena tikuvutika."

"Dzina la wobwereka sitiulula, achimwene. Ndi lamulo."

"Ndiye mumulipitse chindapusa chowawa. Asamuchotsere ngakhale tambala!"

Anthu owerenga chapafupi anadzutsa mitu. Mayi aja anapempha chitupa changa kuti aone chimene kompyuta inkandikanira. Anachiwombera kamakina kowala kaja, nayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Koha wathuyu salola munthu kusungitsa malo pa buku limene ali nalo kale."

Sindinamve msanga. Mnzanga wina ndiye anamva, anangogwira pakamwa n'kutuluka panja kukasekera komweko.

Apa m'pamene ndinakumbukira sabata yoyamba ya semesita, pamene ndinabwereka mulu wa mabuku onenepa kuti mtsikana wina wa m'kalasi mwathu andione ndikudutsa nawo. Ena ndinabweza. Ili ndinathamangira kukalisaka kuchipinda, ndinagudubuza sutikesi, kusanthula pansi pa matiresi, osalipeza.

Mesho wanga ankandiyang'ana ali phee, akutakasa nyemba.

"Ukufuna chibuku chobiriwira chija? Usachisunthe aise, mphika ugwa."

Hotipuleti yathu inathyoka mwendo umodzi kalekale, ndipo chimene chinkaichirikiza miyezi yonseyi ndi tizirombo ta chimanga. Chikuto chinali chitamwa msuzi wa usipa.

Chindapusa ndinalipira chonse, mayi aja atandikumbutsa mwaulemu kuti ndinapempha ndekha kuti asachotsepo tambala. Pa gulu la kalasi, munthu wina anajambula uthenga wanga uja n'kuutumizanso, pansi pake n'kulemba kuti mfiti yapezeka.