Matepi a VHS aja: zomwe zimachititsa kuti kurenda kuziima panjira

Anzanga amene mukutsatira ntchito ija yosamutsa matepi a VHS a banja lathu kupita mu kompyuta, kukapcha (kukopera vidiyo kuchoka pa tepi kulowa mu kompyuta) kwatha. Matepi onse amene azakhali ananditumizira kuchokera ku Katete ali mu hard disk manje, ukwati wa amalume, ma kitchen party awiri ndi tepi imodzi ya Kulamba ku Mkaika yomwe ndi imene banja lonse likundifunsa daily. Ndinakapcha ndi pulogalamu ya VirtualDub, kukula kwa chithunzi 720x576 pa mafelemu 25 pa sekondi popeza matepi athu kuno ndi a dongosolo la TV la PAL, codec (njira yofinyira vidiyo) Lagarith kuti ndisataye kalikonse. Ola limodzi likudya ma GB makumi angapo koma zimenezo sizinandidabwitse ayi, popanda kufinya konse felemu imodzi imakhala pafupifupi 830 KB ndiye pa ola ukhoza kufika pa 75 GB.

Vuto linayamba pa kurenda, pomwe kompyuta imakonza vidiyo nkutulutsa fayilo yatsopano. Kompyuta yanga ndi ka desktop kakale ka mu ofesi, i5, Windows 10 ya 64-bit, RAM 8 GB ya DDR3 timitengo tiwiri ta 4 GB. Ndikuyendetsa AviSynth+, pulogalamu yokonza vidiyo ndi ma script, ndi filter ya QTGMC kuti ndichotse mizere ya interlace ija imene imaoneka pa vidiyo ya tepi zinthu zikamayenda, makamaka pa Gule Wamkulu pomwe miyendo ikuthamanga fumbi lili koboo, mukangochotsa mizere mwachisawawa chithunzi chimaoneka ngati chapesedwa ndi chipeso. QTGMC imakonza bwino ndipo imatulutsa mafelemu 50 pa sekondi koma imadya memory kwambiri, ndiye ndikayamba kurenda patapita kanthawi ndithu, out of memory, basi zonse zaima.

Aliyense amene ndamuuza yankho lake ndi limodzi, gula RAM mudala. Ine ndinakana kaye chifukwa Task Manager imaonetsa kuti RAM idakalipo yambiri pomwe pulogalamu ikufa. Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa mawu akuti memory akubisa matenda atatu osiyana ndipo pa makina anga onse atatu analipo.

Loyamba. VirtualDub imene ndimagwiritsa ntchito inali ya 32-bit, ndinaisunga chifukwa cha ma filter akale. Pulogalamu ya 32-bit nthawi zambiri imangoloredwa 2 GB, ikapangidwa mwapadera imafika 4 GB pa Windows ya 64-bit, kupitirira apo ayi ngakhale mutaika 32 GB mu makina. Chizindikiro chake nchakuti imafera pamlingo womwewo nthawi zonse, mukayang'ana mu Task Manager nambala ikukwera pang'onopang'ono kenako isanakwane bwino 2 GB yagwa. Ndinasamukira ku VirtualDub2 ya 64-bit, koma dziwani kuti ma plugin onse a QTGMC nawonso ayenera kukhala a 64-bit, MVTools, MaskTools2, RgTools, NNEDI3, ndi Lagarith yemwe. Mukasiya imodzi ya 32-bit script imangokana kutseguka. Chinanso ndi Prefetch, nambala ya ma thread (ntchito zoyendera limodzi) mu script, ndinatsitsa kuchoka pa 4 kufika pa 2 chifukwa thread iliyonse imafuna mafelemu akeake mu memory. Liwiro latsika inde, koma kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kudzuka m'mawa nkupeza fayilo yatheka.

Lachiwiri linali losavuta. Drive C inali itadzaza ndi mafayilo akapcha, pagefile ya Windows, fayilo ya pa disk yothandizira RAM, inalibe kokulira. Mu Task Manager pitani pa Performance kenako Memory, onani pomwe palembedwa Committed, nambala yoyamba ikayandikira yachiwiri ndiye kuti mwafika kumapeto. Ndinasamutsa mavidiyo kupita pa hard disk ina nkusiya Windows kuti iziyendetsa yokha pagefile. Apa ndingokumbutsa za flash kapena external ya FAT32, fayilo imodzi singapitirire 4 GB, ndiye ikaima pa 4 GB ndendende musanamizire RAM, fomatani kukhala NTFS kapena exFAT.

Lachitatu ndi limene linandidyera nthawi. Zitatha ziwirizo uthenga wa out of memory unasowa koma makina anayamba kugwa mosadziwika bwino, lero pakati pa tepi mawa kumayambiriro, mwina blue screen yolembedwa MEMORY_MANAGEMENT, mwina fayilo yatuluka koma pena pake pali timabokosi tobiriwira tomwe pa tepi palibe. Kufa kosasankha malo chonchi si software ayi. Ndinaika Memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, pa flash nkubuta nayo, ndipo mizere yofiira yosonyeza zolakwika inabwera. Ndiye ndinachotsa kamtengo kamodzi nkuyesa kotsalako pakokha, kenako kusinthanitsa, kenako kuyesa kabwinoko mu slot ina kuti ndidziwe ngati vuto ndi RAM kapena board. Kamodzi kanali koyera, kenako kamabweretsa zofiira paliponse pomwe ndakaika. Ndinakapukuta mano ake agolide aja ndi labala ya pensulo, kupemerera fumbi mu slot, fumbi la Lusaka mukulidziwa, koma sikanasinthe, kanafa basi. Chodabwitsa nchakuti kamtengo kameneka kakhala mu makina nthawi yonseyi ndikuonera YouTube ndi kulemba mu Word osandivutitsa, chifukwa ntchito zazing'ono sizimafika kumalo oonongekawo, kurenda ndi kumene kumadzaza RAM mpaka m'makona kwa maola ambiri ndiponso kuitenthetsa.

Ndinapita mu town ku Katondo Street kukafuna ina. Amene mukupita kukagula tengani yakaleyo m'thumba, DDR3 ndi DDR4 kamng'alu kake kali malo osiyana sizilowana, ndipo ya laputopu ndi yaifupi. Palinso DDR3L ya 1.35V pomwe DDR3 wamba ndi 1.5V, werengani sitika. Zambiri kumeneko nzochotsa mu makina ena, ine sindiona vuto bola mugwirizane ndi wogulitsa kuti ikaonetsa zofiira mubweza, ndipo mukafika kunyumba musayambe ndi kurenda, yambani ndi Memtest86+ muisiye idutse kangapo. Yanga yadutsa. Ndidakali pa 8 GB yomweyo ndipo ikukwana, pa vidiyo ya 720x576 sindikuona chifukwa chothamangira 16.

Njira yogwirira ntchito nayonso ndasintha, osati chifukwa cha memory yokha koma malaiti. Tepi ya E-180 ndi maola atatu, mafelemu 270,000, ndipo ndi QTGMC pa makina anga imeneyo ndi ntchito yoposa usiku wonse, load shedding ikakupeza pakati zonse zapita. Manje ndikudula ndi Trim ya mu AviSynth+ zidutswa za mphindi 30, ndiye kuti mafelemu 45,000 chilichonse, ndikurenda kupita ku Lagarith kaye, zikakwana ndikulumikiza kenako pulogalamu ya HandBrake ndi codec ya x264 kupanga MP4. Malo pa disk akudyeka kawiri koma malaiti akapita ndimangotaya chidutswa chimodzi. Dulani pomwe kamera inasintha malo kuti polumikiza pasaoneke.

Ukwati wa amalume watha, ndawatumizira kachidutswa pa WhatsApp ndipo akuti ndichotse pomwe akuvina, sindichotsa. Ya Kulamba ili pa chidutswa chachitatu. Chotsala ndi mawu, pa kitchen party imodzi mawu akutsalira pang'ono kumapeto kwa tepi, ndikuganiza kuti ndi mafelemu amene anagwa pokapcha pomwe tepi inakwinyika, ndiye mwina ndiikapchanso weekend ino. Ngati pali wina kuno ku Lusaka ali ndi VCR kapena DVD recorder yokhala ndi TBC (time base corrector, chokhazikitsa chithunzi cha tepi) yoti ndingabwereke, ndiuzeni.