Mmene gitala yanga idachokera pa siteji nkukalowa mu filimu

Anthu akabwera ku situdiyo kwathu ku Chilobwe amayamba ayang'ana uku ndi uku, akuganiza kuti mwina asochera, chifukwa ndi kachipinda kamodzi basi kuseri kwa nyumba, makoma tidamatamo matiresi akale ndi makatoni a mazira, laputopu pa tebulo, ma sipika awiri, magitala atatu atapachikidwa pa misomali. Koma nyimbo zimene mumamva pansipansi mukamaonera masewero ena a pa TV, zina zidabadwira momwemu.

Ine ndidayamba ngati wa sesheni, woimba gitala waganyu mu nyimbo za ena. Ndidaphunzira gitala ku tchalitchi ndili mwana, kenako bandi ya maukwati ku Limbe, kenako mapulojusa adayamba kundiimbira foni kuti bwera udzaikemo lead, gitala yotsogolera, mu nyimbo ya wakutiwakuti. Umafika, umamva nyimbo kawiri, umaimba, amakupatsa yako ya mmanja, umakwera minibasi nkumapita. Dzina lako pa chimbale palibe. Nyimbo ikagunda pa wailesi iwe uli mu minibasi momwemo ukumva zala zako ndipo palibe akudziwa, kondakitala akukufunsa ndalama yake basi. Nthawi imeneyo mawaya a gitala akafa ndinkawawiritsa mu poto kuti ayambenso kulira, poti atsopano abwino tinkadikira munthu wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg.

Zinthu zidasintha tsiku lomwe mtsikana wina amene ankapanga filimu yaifupi yokhudza maukwati a ana adandipeza kudzera kwa mnzanga. Padali sini ina, mayi atakhala pakhonde akupeta mpunga, mwana wake wamkazi akutuluka ndi kachikwama, amalume akudikira panjira ndi njinga. Palibe wolankhula. Ine ndidaona kuti apa ndiye poonetsa luso, ndidaimba usiku wonse, makodi okoma, zala zikuthamanga. Atabwera mmawa adavala mahedifoni, adamvetsera mpaka kumapeto, nkuwavula pang'onopang'ono. Adati, "Achimwene, mwaimba bwino, koma mwawaphimba mayiwa. Anthu azimvera inu m'malo mowaona iwo."

Zidandiwawa, sindinama. Koma atapita ndidabwezanso siniyo popanda nyimbo ndipo ndidamva lichero, phwa phwa phwa, kenako likusiya pomwe mwana akudutsa. Nyimbo idali kale mmenemo. Ndidafufuta zonse, ndidadikira lichero lisiye, nkugunda waya umodzi wapansi, kuusiya ulire mpaka uzime wokha, kenako wina. Manotsi asanu ndi awiri mu sini yonse. Tsiku loonetsa filimuyo ndidakhala kumbuyo ndipo ndidaona amayi ena akupukuta misozi ndi chitenje, ndipo pomwepo ndidadziwa kuti ntchito yanga ndi imeneyi.

Kuphunzira kwake kudali kwa pa YouTube ndi kulakwitsa. Kuti mawu a vidiyo amajambulidwa pa mlingo wa 48 kHz osati 44.1 ngati a pa CD, ndidadziwira pa ntchito yobwezedwa. Kuti ma TV akuno amayendera mafulemu 25, kutanthauza zithunzi 25, pa sekondi ndiye nyimbo iyenera kugwera pa fulemu yeniyeni pomwe chitseko chikutsekedwa. Chachikulu chomwe wa gitala aliyense ayenera kudziwa nchakuti gitala imalira malo omwewo amene mawu a munthu amakhala, ndiye wosewera akamalankhula iwe ukaimba pakati pa gitala mumalimbana, umayenera kutsika pansi kapena kungokhala chete. Ndipo editala, wolumikiza filimu, sumupatsa fayilo imodzi, umamupatsa ma stem, gitala payokha, ng'oma pazokha, besi payokha, kuti athe kutsitsa chimodzi osapha zonse.

Chomwe chimandipweteka mtima mpaka lero ndi kuona dokyumentale ya ku Nsanje kapena ku Karonga, anthu ake athu, chilankhulo chathu, koma pansi pakulira kora ndi djembe, zoimbira za ku West Africa, zomwe munthu wangotsitsa pa intaneti chifukwa zalembedwa kuti African music. Ngati kuti ife tilibe zathu! Tili ndi manganje, beni, tchopa, mganda, vimbuza, tili ndi bangwe ndi kaligo, tili ndi kaimbidwe ka gitala ka malemu Daniel Kachamba wa ku Chileka komwe chala chachikulu chimayenda ngati besi pomwe zala zina zikuimba pamwamba, munthu mmodzi kumveka ngati awiri. Ine ndikapatsidwa nkhani ya ku Mangochi ndimatenga kayendedwe ka manganje nkukaika pa mawaya otsekedwa ndi chikhatho, motsitsa, ndipo munthu wa kumeneko amazindikira kwawo asanaone ndi nyanja yomwe. Pali kabanjo ka chitini komwe ndidagula kwa mnyamata wina pa msika, mawaya ake a mabuleki a njinga, kalowa mu ntchito zambiri kuposa gitala yanga yodula.

Za ndalama ndiye mayi a kunyumba ndi amene adatipulumutsa. Ine ndinkagwira ntchito pa chibale, munthu akati tikupatsani filimu ikatuluka ndinkavomera. Nthawi ina nyimbo yomwe ndidapangira sewero ndidaimva ili mu malonda a kampani ina pa TV, miyezi ingapo ikuulutsidwa, osandiuza, osandipatsa kanthu, ndipo nditafunsa adati si udalipidwa kale. Pepala panalibe, ndidangobwerera. Usiku umenewo mkazi wanga adatenga kope nkulemba malamulo. Theka la ndalama lilowe kaye pa Airtel Money kapena Mpamba ndisanagwire gitala. Pepala la mgwirizano, tsamba limodzi, lonena kuti nyimboyi ndi ya filimu iyi yokha, akaifuna kwina tikambiranenso. Kusintha kawiri nkwaulere, kachitatu nkolipira, poti pali madayilekitala ena amasintha maganizo tsiku lililonse. Ndidakalembetsanso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo filimu iliyonse ndimalemba cue sheet, kapepala koonetsa nyimbo iliyonse, kutalika kwake ndi mwini wake.

Zoona zake mafilimu okha sangadyetse banja kuno. Chimalipira lendi ndi majingo, tinyimbo ta malonda ta pa wailesi, ndi madokyumentale a mabungwe, ndipo sesheni sindidasiye, Loweruka lina mudzandipeza pa ukwati. Phindu loyamba lenileni tidagulira inivata ndi batire chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchito dedilaini siyidikira. Kujambula ndimayamba cha m'ma 11 usiku, chigayo cha pafupi chikatseka ndi agalu akatopa.

Pano ndili ndi anyamata awiri amene ndikuwaphunzitsa. Tsiku loyamba sindiwalola kugwira gitala, ndimawaikira sini opanda nyimbo kuti aonere katatu nkundiuza chomwe amva. Sabata ino tili pa filimu ya asodzi a usipa, usiku pa nyanja, nyali zili ngwee pa mabwato. Mmodzi mwa anyamatawo dzulo adati bwanji tisayambe ndi gitala, tiyambe ndi kugunda kwa nkhafi pa bwato, gitala ilowe nyali yoyamba ikayaka. Tayesa ndipo zagwira, mawa tikutumiza kwa editala.