Padangokhala, ine nkuyamba kulemba mabuku a ana

Anthu akamva kuti ndimalemba mabuku a ana amayamba aseka kaye, kenako funso lake ndi lomwelija, "nde mumadyera momwemo?" Ayi ndithu sindidyera momwemo, ndili ndi ntchito ina ya masana ku Limbe yomwe imalipira lendi ndi fizi, zolembazi ndi za usiku ndi Loweruka. Funso lachiwiri limakhala loti bwanji osalemba za akuluakulu, zachikondi kapena zandale zomwe anthu angagule. Limeneli nde ndiyankhe lero, koma mupirire chifukwa ine ndikayamba za ku Ndirande sindimaliza msanga.

Ndinakulira ku Goliyo, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, pa mdadada pomwe mabanja angapo tinkalimbirana bafa limodzi mmawa uliwonse. Bambo ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead, ankapita wapansi kusanache. Mayi ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa nkumagulitsa mmbali mwa msewu wopita kumsika. Mabuku mnyumba mwathu anali Baibulo ndi la nyimbo za kutchalitchi basi, ndipo onsewo sunkawagwira ndi manja amafuta. Komano mayi ankagula nyuzipepala zakale zokulungira mandasi, ntchito yanga inali yozing'amba tizidutswa. Pamenepo mpomwe ndinaphunzirira kuwerenga kwenikweni. Vuto linali loti nkhani ukuiwerenga bwinobwino yafika pokoma, basi pepala lathera pompo, theka linalo lapita ndi kasitomala wa zitumbuwa ziwiri. Nde ndinkangopeka ndekha mathero ake nkumawauza ang'ono anga ngati kuti ndi mmene analembera. Wakuba wa mbuzi uja kwa ine nthawi zonse ankathawa, sindinkafuna amangidwe.

Koma amene anandipatsa matendawa ndi agogo anga akuchikazi. Anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaonana ndi madokotala, anati akhala sabata ziwiri, anakhala zaka. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chilomwe, akakwiya nde chinkatuluka Chilomwe chokhachokha. Madzulo tikadya, makala akadali ofiira pa mbaula, ana a mdadada wonse ankadzadza pakhonde pathu, ena ndi nsima kumanja. Masana ankakana zonena nthano, ankati nzosaloledwa, ine pano ndimaona kuti inali njira yoti titsuke mbale ndi kutunga madzi kaye. Ankayamba ndi ndagi kuti atidzutse mitu, kenako nkukhosomola pang'ono, "Padangokhala!" ife tonse "Tili tonse!"

Apa mpomwe pagona nkhani yanga yonse. Nthano ya agogo sinali yoti iwo azilankhula ife tizingomvera ayi. Chiganizo chilichonse akamaliza ife tiyankhe tili tonse, ndipo akaona kuti mayankho ayamba kuchepa, ena akusinza ena akutsinana, ankangosiya pakati nkuyamba kufwenkha fodya wawo osanena kanthu mpaka tipepese. Pakati pa nthano pankakhala nyimbo, iwo kutsogolera ife kuvomera, kuwomba mmanja, wina kudzuka kuvina. Njovu inali ndi mawu ake, Fisi ankalankhulira mmphuno, Kamba ankachedwa kumaliza mawu mpaka ife kupsa mtima. Nthano imodzimodziyo ya chitsime, ija nyama zonse zinakumba Kalulu nkukana koma nkumabwera kudzatunga atamanga alonda powanyengerera ndi uchi, tinaimva kambirimbiri koma sinkatuluka chimodzimodzi, tsiku lina Kalulu ankapezeka akulankhula ngati alandilodi athu ndipo akuluakulu omwe ankanamizira kuti sakumvetsera ankaphulika kuseka mkati mwa nyumba. Pomaliza nkutiuza kuti tikaphule mbatata, ife nkuyankha kuti yapserera, basi kukagona.

Ndipo onani, agogo sanatifunsepo kuti "kodi nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani?" Funso limeneli ndinakalipeza kusukulu ndipo mpaka lero limandiwawa. Kalulu ndi wabodza, waulesi, wakuba, koma tonse tinkamukonda, ndipo palibe mwana wa pamdadada paja amene anasanduka mbava chifukwa cha Kalulu. Ana amadziwa okha kusiyanitsa. Mabuku ambiri a ana omwe ndimawaona kuno ali ngati kwinini wopaka shuga, mwana amanyambita shugayo nkulavula zinazo. Tsamba loyamba mtsikana womvera makolo, tsamba lachiwiri mnzake wosamvera, lomaliza wosamvera uja watenga mimba kapena wagwidwa ndi ng'ona. Mwana wa zaka 7 amakhala atadziwa kale mathero asanafike pakati, nde awerengerenji?

Chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale ndinali ku sukulu kale, ndipo ndikukumbuka mmene makalasi anasefukira, dziko lonse ana anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Ena anali anyamata a ndevu kudzakhala pansi limodzi ndi ife. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi gulu lonse, wina akuliona chozondoka wina akungoona chikuto. Nde buku tinkalimva ndi makutu, madamu akuwerenga kutsogolo ife kubwereza. Zimenezi sizinathe, pitani pa sukulu iliyonse ya boma ku Bangwe kapena ku Mbayani mukaone kalasi ya Sitandade 1. Mwana wa kuno buku limamupeza kudzera pakamwa pa munthu wina, mphunzitsi, mkulu wake, azakhali. Ndiye ngati buku silikoma powerenga mokweza, kwa ine lalephera, kaya likhale ndi zithunzi zokongola bwanji.

Laibulale ndinaidziwa mochedwa, nditayamba sekondale. Mnzanga wina anandiperekeza ku National Library mtauni, tinayenda wapansi kuchoka ku Ndirande kuti ya minibasi tigulire chimanga chootcha. Nditalowa ndinaima kaye pakhomo, sindinkakhulupirira kuti amalola kutenga buku kupita nalo kunyumba. Ngakhale ndinali wamkulu ndinkapita ku mashelefu a ana, mabuku ambiri anali ochokera kunja, ana ovala majuzi akusewera pa chipale chofewa, mwana aliyense ndi chipinda chake, galu akugona pabedi. Sindikunyoza ayi, ndinawakonda kwambiri ndipo ena ndikuwakumbuka mpaka pano. Kungoti ndinakula ndikuganiza kuti zinthu zolembedwa mbuku zimachitikira ana a ku London okhaokha. A kwathu kuno akapezeka, nkhani yake inali ya kumudzi, kudambo, kubusa ng'ombe, ndipo tauni inkangotchulidwa ngati malo okaonongekerako khalidwe. Nanga ife obadwira mtauni momwemo? Ife amene tinkapanga magalimoto a mawaya ndi matayala a zitsekerero za mabotolo, kumenya mpira wachikulunga pa fumbi mpaka chala kusupuka, phada, fulaye, jingo, kukasamba ku Nasolo mobisa chonsecho mayi analetsa? Phiri la Ndirande ine ndinaliona lili ndi mitengo, ndinalionanso likumetedwa mpala zaka za mma 1990 zomwezo, anthu akutsika ndi mitolo ya nkhuni usiku ndi usana. Imeneyo si nkhani yoti mwana wa ku Malabada angaimve bwino kuposa ya chipale chofewa?

Nchifukwa chake nkhani zanga zimachitikira konkuno. Muli mtsikana amene amadzuka mbandakucha kukaika chidebe pa mzere wa kiyosiki ya madzi nkupeza kuti chidebe chake chikumasuntha chokha. Muli Kalulu atalembedwa ukondakitala pa minibasi ya Limbe, akunena kuti chenji apereka kutsogolo, Njovu akumulipiritsa mipando inayi. Muli Fisi wotsika ku Michiru usiku kudzafuna mafupa ku Chilomoni nkusochera mu ukwati. Nyama za agogo zija sindinazitaye, ndangozisamutsira mtauni ngati mmene tonsefe tinasamukira.

Kalembedwe kanga nkosavuta kufotokoza. Ndikalemba nkhani sindiipereka kwa munthu wamkulu kaye, akuluakulu amangoti "zili bwino, pitirizani" kuopa kukukhumudwitsa. Loweruka masana ndimaitana ana a kuno ku Zingwangwa komwe ndikukhala pano, ndimagula mafilizesi, nkuwawerengera pakhonde pensulo ili mmanja. Pomwe ayamba kuyang'ana nkhuku kapena kufunsana za mpira ndimaika chizindikiro, usiku ndime imeneyo ndimaidula. Pomwe aseka ndimasiya chomwecho olo galamala yake ikhale yokayikitsa. Tsamba lililonse kapena lachiwiri ndimaikapo mawu obwerezabwereza oti iwo aziyankha, ndipo ukafika kachitatu amakhala akukuwa okha usanawerenge, mwana amene sanayambe kudziwa zilembo amaloza pamene pali mawuwo nkunena kuti apa nde pathu paja. Chichewa chathu chilinso ndi chuma china chomwe olemba amachiopa, timawu tija timamveketsa zinthu, kugwa kuti khu, kutulukira kuti balamanthu, kungoti zii, kuima kuti njo, madzi kuti phava. Agogo nthano yawo inkayenda ndi timeneti. Mkonzi wina anandichotsera tonse ati si Chichewa cha mbuku, ndinatibwezeramo ndipo tinasiyana pomwepo mwamtendere.

Za chilankhulozi zimandivuta ndi makolo. Ndikaika mabuku patebulo pa zochitika za kusukulu kapena kutchalitchi, mayi amatenga, kutsegula, kumwetulira, kenako "lachizungu mulibe?" Ndimawamvetsa, mayeso ndi a Chingerezi, intavyu ya ntchito ndi ya Chingerezi, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira mu Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Ifenso kusukulu ukagwidwa ukulankhula Chichewa mkalasi za kumtunda unkapatsidwa chibalo, nde manyazi amenewo tinakula nawo. Koma zomwe ine ndaona pakhonde panga nzakuti mwana amene wakonda buku mu chilankhulo chomwe amatukanirana ndi anzake, amakalifuna yekha lachizungulo. Amene wayamba ndi kuloweza mawu osawamva amangodziwa kuti buku ndi chilango. Mabuku ena ndayamba kuika zilankhulo zonse ziwiri tsamba limodzi, osati chifukwa ndagonja, koma kuti mayi aja agule.

Ndalama nde musafunse. Buku la ana ndi zithunzi, ndipo wojambula wabwino amafuna zake, nzoyenera. Masamba amayenda 16, 24 kapena 32 chifukwa cha mmene pepala lalikulu amalipindira kwa apulinta, nde nkhani yako uikwanitse mmenemo. Kusindikiza zithunzi za mitundu yambiri nkodula, mapepala ndi inki zonse nzochokera kunja, moti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo womwe apulinta anandiuza sabata yapitayo unangosanduka nthano nawonso. Makampani osindikiza mabuku maso awo ali pa mabuku a silabasi omwe masukulu amagula mokakamizidwa, kabuku ka Fisi wa ku Michiru amakuuza kuti tikuimbirani. Nde umadzilipirira wekha, kunyamula mchikwama, kugulitsa limodzilimodzi ngati tomato, ena kutenga pangongole mpaka lero. Kenako umapeza sukulu ina yapulaiveti yagula limodzi nkupanga fotokope kalasi yonse. Ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi oimba, amatiuza ndithu kuti tizilembetsa ntchito zathu, koma kunena zoona mtima wanga umagawanika, mbali ina ndikufuna ndalama yanga, mbali ina ana 60 awerenga.

Buku lomwe ndikulimbana nalo panopa ndi la mvula, ndipo landitengera nthawi kuposa ena onse. Agogo ankakonda nthano ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene mayi ake ankamuimbira kuti athawe mvula ikamabwera, mpaka tsiku lina anapita kutali mvula nkumupeza panjira. Ife tinkalira koma mawa lake tinkaipemphanso. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera mphiri la Soche mu March 2023, anthu aku Chilobwe ambiri anasungidwa mmasukulu, ine ndi anzanga ena tinkapita kukacheza ndi ana kumeneko. Tinkanena za Kalulu, za Kamba, kuimba, kuvina, koma ya Kamdothi pakamwa panga inakana kutuluka. Ana aja kukangochita mdima kumwamba ankasiya masewera nkuthamangira kwa amayi awo, ena amayi oti athamangireko analibenso. Mpaka pano ana ambiri a mbali imeneyo mvula ikayamba kugunda pa malata sagona.

Nde ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana wotere umamulembera chiyani. Kumunamiza kuti mvula ndi yabwino basi imameretsa chimanga, akudziwa kuti ukunama. Kumuopseza nde ayi, waopa kale zokwanira. Anzanga ena olemba akuti ndisinthe mathero Kamdothi apulumuke, ena akuti nthano ya makolo sasintha. Ine ndasankha kumusiya Kamdothi mmene alili, ndalemba ina, ya kamnyamata komwe kamawerenga madontho pa malata limodzi ndi agogo ake, dontho lililonse ali ndi choyankha, mpaka kunja kuche. Ndinaiyesa pakhonde mwezi watha, pakati pake anaimvera bwino koma kumapeto anayamba kuyang'ana nkhuku, nde masamba atatu omaliza ndikulembanso.

Wojambula wati zithunzi amaliza ndikamupatsa mathero enieni, apulinta akufuna theka la ndalama asanayatse makina. Ndiye mukandiona Loweruka lina mmawa ku msika wa Limbe ndayala kaunjika wa ana, musadutse ngati simukundidziwa, gulani ka juzi kamodzi.